Inu osamalira mitsinje, munaphunzira chiyani kuti mufike pamenepo?

Tadala
Moni nonse akuluakulu. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete kwa miyezi ingapo, lero ndalimba mtima kuti ndifunse. Ine ndinaphunzira zowerengera ndalama ndipo ndikugwira ntchito muofesi, koma mtima wanga uli kumtsinje. Loweruka lililonse timapita ndi anzanga kukatola mapulasitiki m'kamtsinje kena. Chimene chimandiwawa n'chakuti tikatola lero, mvula ikangogwa kamodzi zinyalala zadzazanso, madzi ali psuu ndi dothi. Ndayamba kuona kuti vuto silili pamene tikutolapo, likuchokera kumtunda. Ndiye ndimati ndifunse inu amene mumagwira ntchito yosamalira mitsinje ndi madera onse amene amathira madzi mumtsinjemo: munayamba bwanji? Munaphunzira chiyani? Ine ndili ndi zaka 27. Kodi ndibwerere kusukulu kukayambiranso, kapena pali polowera pena?

Bambo Mwale
Mwanawe, wafunsa bwino. Ine ndidapuma ntchito, koma ndidakhala zaka 31 ndikuyeza madzi a m'mitsinje, ndipo sindidalowe ndi digiri. Ndidayamba ngati wowerenga geji. Geji ndi thabwa kapena chitsulo cholembedwa manambala ngati rula, chozikidwa m'mphepete mwa mtsinje. Ntchito yanga idali kupita m'mawa ndi madzulo, kuwerama, kuona pamene madzi alekeza, n'kulemba m'kabuku. Kaya kukugwa mvula, kaya thupi silikukoma, nambala ya tsikulo imayenera kulembedwa, chifukwa madzi a Lachiwiri sungawawerenge Lachitatu.

Patapita zaka adandiphunzitsa kuyeza kuchuluka kwa madzi oyenda. Umakoka chingwe kuchokera tsidya lino kufika tsidya lija, n'kuugawa mtsinje m'zigawo zing'onozing'ono. Pachigawo chilichonse umayeza kuya kwake, kenako umamiza kachipangizo kokhala ndi kapulopela. Ngati madzi si akuya kwambiri, umakamiza pa magawo 6 mwa magawo 10 a kuyako kuchokera pamwamba, popeza madzi apamwamba amathamanga, apansi amakokedwa ndi miyala, ndipo pamenepo m'pamene pamapezeka liwiro loimira onse. Iwe umaima kumunsi kwa chipangizo, chammbali, kuti miyendo yako isasokoneze madzi. Uli chiimire choncho, umamva mchenga ukuchoka pansi pa zidendene pang'onopang'ono, madzi akukukankha m'ntchafu, koma maso ali pa wotchi, makutu akuwerenga kuti kapulopela kazungulira kangati. Ukatuluka umachulukitsa m'lifupi, kuya ndi liwiro pachigawo chilichonse, n'kuphatikiza zonse. Mpamene umadziwa kuti pa sekondi imodzi pakudutsa madzi ochuluka bwanji.

Injiniya aliyense womanga mlatho, damu kapena ngalande yothirira amayambira pa manambala amenewo, ngakhale nkhope ya amene adawalemba sayidziwa. Dipuloma ndidadzachita pambuyo pake, ndili kale ndi ana.

Tadala
Zikomo kwambiri bambo. Sindinkadziwa n'komwe kuti pali ntchito yotere. Koma masiku ano makina sanailande?

Bambo Mwale
Makina alipo, amalemba okha usana ndi usiku, ena amatumiza manambala pa foni. Koma madzi osefukira akadutsa, pansi pa mtsinje pamasintha: pena padzaza mchenga, pena pakumbika. Geji ionetsa mita imodzi monga chaka chatha, pomwe madzi odutsa si ofanananso. Zikatero munthu ayenera kulowanso m'madzi kukayeza, kuti manambala a makinawo akhale ndi tanthauzo.

Mayi NaPhiri
Tadala mwanawe, ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale kwa zaka 12. Ndinalowa m'zamitsinje kudzera m'kalabu ya zachilengedwe ya ana a sukulu. Tinkadzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, ziweto n'kudya, eni minda n'kuzula, ife n'kudzalanso. Bungwe lina litaona kuti makolo amandimvera, linandilemba ntchito yoyendetsa misonkhano ya anthu okhala kumtunda kwa mtsinje.

Msonkhano wanga woyamba sindidzauiwala. Ndinapita ndi mapepala akuluakulu ojambulidwa bwino, ndikufotokoza kuti kulima mpaka m'mphepete mwa madzi kumagumula gombe. Onse ankagwedeza mitu. Titamaliza, mayi wina wachikulire amene sanayankhule nthawi yonseyo anandigwira dzanja n'kupita nane kumunda kwake. Kumtunda kunali miyala yokhayokha, nthaka inapita kalekale. Chinyontho chinangotsala pa kamzere kamodzi ka m'mbali mwa madzi. Anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, ndikachoka apa ndipite pati?” Ndinasowa chonena. Kuti mayiyo asunthe pagombe, tinayenera kuyamba tabweza chinyontho kumtunda kuja: milambala, udzu wa vetiva, maenje osunga madzi a mvula, manyowa. Zinatitengera madzinja atatu, ndipo anasuntha yekha popanda womuthamangitsa.

Ndikamadzikayikira ndimakumbukira Rajendra Singh wa ku India. Iye anaphunzira zamankhwala achikhalidwe cha ku India otchedwa Ayurveda, ndipo pamene ankapita m'boma la Alwar ku Rajasthan mu 1985, maganizo ake sanali pa mitsinje. Mkulu wina wa m'mudzi ndiye anamuuza kuti chimene anthu akusowa kwambiri ndi madzi, n'kumulozera ma johad, timadamu tadothi totchinga madzi a mvula kuti alowe pansi m'malo mothamanga. Atamanga ambiri pamodzi ndi anthu a m'midzi, mtsinje wa Arvari umene unauma kwa zaka zambiri unayambanso kuyenda m'zaka za m'ma 1990. Mu 2015 analandira mphoto ya zamadzi yotchedwa Stockholm Water Prize. Wangari Maathai wa ku Kenya naye digiri yake yaukachenjede ya mu 1971 inali ya kapangidwe ka matupi a ziweto, koma mu 1977 anayambitsa gulu lodzala mitengo la Green Belt Movement atamva amayi akumidzi akudandaula za nkhuni ndi timitsinje touma. Ndiye usadere nkhawa ndi pepala limene uli nalo.

Chisomo
Amayi, ntchito yanu ndikuilemekeza kwambiri, koma mundilole nditsutseko pang'ono, chifukwa ndikuopa kuti achemwali athuwa angachoke pano akuganiza kuti mtima wabwino ndi wokwanira. Ine ndine injiniya wa zamadzi. Ntchito yanga yoyamba ndinatumidwa kukaona kasupe amene anthu ankati akuphwa chaka ndi chaka. Nditafika ndinapeza bulugamu atazungulira kasupe yense, mitengo yowongoka, mizere yake yochita kuyeza ndi chingwe. Anadzala ndi gulu la anthu ongodzipereka, pofuna kuteteza kasupeyo, chifukwa anamva kuti mitengo imabweretsa madzi. Mbandezo anathirira ndi manja awo m'chilimwe. Kuwauza kuti mitengo yawoyo ndi imene ikumwa kasupe, mpaka lero ndimakumbukira mmene tcheyamani wawo anandiyang'anira.

Chowawa n'chakuti zimenezi zinadziwika kalekale. Ku Jonkershoek, pafupi ndi Stellenbosch ku South Africa, kafukufuku anayamba mu 1935. Timadera tina anadzalamo paini, tina anatisiya ndi zomera zake zachilengedwe, n'kumayeza madzi otuluka kwa zaka makumimakumi. Kumene kunadzalidwa paini, madzi a mumtsinje anachepa. Mtengo wokula msanga, wa mizu yakuya, wosayoyola masamba, umakoka madzi chaka chonse n'kumawatulutsira mumlengalenga kudzera m'masamba. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mu 1995 dzikolo linayambitsira Working for Water, ntchito yolemba anthu osowa pogwira kuti azidula mitengo yachilendo yofalikira yokha, monga black wattle, paini ndi bulugamu, m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Kumeneko wosamalira mtsinje amapita kuntchito atanyamula sowo.

Sindikunena kuti mitengo ndi yoipa ayi. Mitengo yachilengedwe ya m'mbali mwa mtsinje imagwira gombe, imasefa dothi lochokera m'minda, ndipo mthunzi wake umathandiza kuti madzi asatenthe. Koma pamafunika wina wodziwa kuti mtengo uti, pati, angati. Muofesi mwathu muli wa hydrology (maphunziro a kayendedwe ka madzi), wa zamiyala amene amatsata madzi apansi pa nthaka, wa zanthaka, wa zankhalango, ndi mtsikana wina wa mapu amene amatenga zithunzi za setilaiti n'kutionetsa pa kompyuta malire enieni a dera lothira mumtsinje, kuchokera pamsana wa phiri ili kufika pamsana wa phiri lija. Zimenezo siziphunziridwa ndi chikondi chokha.

Mayi NaPhiri
Achemwali, palibe chimene mwanama. Koma ndikufunseni: mutawauza anthu aja, bulugamu anadulidwa?

Chisomo
Sanadulidwe chaka chimenecho, amayi. Lipoti langa linali lolondola koma linangokhala m'kabati. Anadzadula patapita zaka ziwiri, mlangizi wina wa zaulimi atakhala nawo pansi kangapo, n'kugwirizana kuti mitengoyo aicheke okha matabwa apindule nayo, ndipo pamalopo pabwerere udzu ndi zitsamba zachilengedwe. Pamenepo ndavomera. Koma mlangiziyo akanapanda lipotilo, akanawathandiza kudzala bulugamu wina.

Yamikani
Ndilowererepo monga munthu wa zamalamulo. Ine ndinayamba ndi milandu ya malo, ndipo ndinafika kumtsinje chifukwa mikangano yambiri ya malo imathera pa madzi: wakumtunda watchinga, wakumunsi akulira, fakitale ikutaya zoipa usiku, asodzi akupeza nsomba zitayandama m'mawa.

Nkhani imene inandikopa ndili kusukulu ndi ya mtsinje wa Hudson ku America. Mu 1966 asodzi ndi anthu wamba anapanga Hudson River Fishermen's Association, atatopa ndi nsomba zonunkha mafuta. Mmodzi mwa otsogolera, Robert Boyle, anali mtolankhani wa zamasewera wokonda kuwedza. Pofufuza anapeza lamulo lakale la mu 1899 loletsa kutaya zonyansa m'mitsinje, lomwe linkanenanso kuti woulula wolakwa alandire gawo la chindapusa. Lamulolo linali litaiwalika, iwo analidzutsa. Mu 1983 analemba John Cronin, yemwe anagwirapo ntchito ya usodzi, kuti azilondera mtsinjewo pa boti tsiku ndi tsiku, ndipo dzina la ntchito yakeyo loti Riverkeeper, kutanthauza mlonda wa mtsinje, lafalikira m'maiko ambiri kuchokera pamenepo.

A Chisomo mwatchula Working for Water. Nduna ya zamadzi ya ku South Africa ya nthawi imeneyo, Kader Asmal, sanali injiniya. Anaphunzitsa zamalamulo kwa zaka zambiri ku Trinity College ku Dublin. M'nthawi yake ndi mmene munatuluka lamulo la zamadzi la mu 1998, lonena kuti madzi asanagawidwe kwa minda ikuluikulu ndi mafakitale, payambe papatulidwa madzi a zosowa zenizeni za anthu ndi madzi oti mtsinjewo ukhalebe wamoyo. Ku New Zealand, mu 2017 nyumba ya malamulo inavomereza kuti mtsinje wa Whanganui uli ndi ufulu wakewake pamaso pa lamulo, a mtundu wa Maori atalimbikira nkhaniyo kwa zaka zoposa 100.

Koma achemwali, ndikuuzeninso mbali yolemera. Berta Cáceres wa ku Honduras, mtsogoleri wa anthu a mtundu wa Lenca, anakana damu la Agua Zarca pa mtsinje wa Gualcarque. Analandira mphoto ya oteteza chilengedwe yotchedwa Goldman Prize mu 2015, ndipo mu March 2016 anaphedwa m'nyumba mwake. Pamene pali madzi pali ndalama ndi mphamvu. Ambirife sitikumana ndi zoopsa zotero, koma kuopsezedwa pa foni ndinakumana nako, ndipo si ine ndekha pagulu pano.

Mphatso
Tadala mnzanga, ndawerenga funso lako kawiri chifukwa uli ngati ukunena za ine. Nanenso ndine wa akaunti, ndipo sindinasiye. Ndinangosamutsa mabuku anga kupita nawo ku bungwe losamalira mitsinje, ndipo ndinapeza kuti ankandisowa kwambiri. Akatswiri analipo, koma malisiti ankasungidwa m'katoni, ndipo othandiza ndi ndalama anali atatsala pang'ono kuchoka. Mwezi wanga woyamba ndinautha ndili pansi, ndikusanja timapepala tonyowapo ta mafuta a galimoto ndi mbande, kuti tione kuti ndalama iliyonse inalowera kuti.

Pali njira ina imene ikufala, imene popanda anthu ngati iwe siingayende. Mzinda umamwa madzi ochokera kumapiri akutali. Alimi akumeneko akamalima mosasamala, dothi limadzaza madamu ndipo kusefa madzi kumakwera mtengo. Ndiye anthu anaona kuti kuli bwino akumunsi aziika ndalama m'thumba lothandizira akumtunda kusamala nthaka. Ku Quito, ku Ecuador, thumba lotere lotchedwa FONAG linayamba mu 2000, ndipo kampani ya madzi ya mzindawo imaikamo kagawo ka ndalama zimene imatolera. Ku Kenya, Upper Tana-Nairobi Water Fund inayamba mu 2015, chifukwa madzi ambiri a mu Nairobi amachokera kumtunda kwa mtsinje wa Tana. Ngakhale New York, mu 1997 inasaina mgwirizano ndi madera a kumapiri a Catskill, n'kumagula malo, kukonza zimbudzi ndi kuthandiza alimi a ng'ombe kuti ndowe zisalowe m'mitsinje, m'malo momanga chimalo chachikulu chosefera madzi.

Tsono taganiza. Ndani awerengere kuti kusamala phiri n'kotsika mtengo kuposa kuchotsa matope m'damu? Ndani atsimikize kuti mlimi amene walembedwa kuti wakumba milambala waikumbadi, ndipo thandizo lamufikira iyeyo osati wina? Ine kawiri pa mwezi ndimavala majombo, kutenga mndandanda, n'kukawerenga ndi maso anga zimene ndalipira. Za nthaka ndi madzi ndaphunzirira komweko, pofunsa mafunso ambiri. Langizo langa: usataye luso lako. Lowa nalo, kenako uwonjezere kosi yaifupi ya kasamalidwe ka madzi kapena ya GIS (luso lopanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta), kuti akatswiri akamayankhula uziwamva.

Limbani
Ine ndinaphunzira biology, ndipo ntchito yanga ndi tizilombo ta pansi pa miyala. Popeza gulu lanu limapita kale kumtsinje Loweruka, achemwali, mukhoza kuyamba izi sabata ino. Imikani kaukonde ka maso ang'onoang'ono m'madzi, mnzanu apondeponde miyala chakumtunda kwake, zonse zothawa zikodwe. Khuthulirani m'beseni loyera lokhala ndi madzi pang'ono, n'kudikira. Poyamba mumangoona zinyalala. Kenako kamtengo kena kamayamba kuyenda kokha. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti ndi kamphutsi ka caddisfly, kamene kamamanga kanyumba kake ndi timchenga kapena tizitsotso n'kumayenda nako. Mupezanso ana a kachilombo kouluka kotchedwa mayfly, nthawi zambiri a timichira titatu, ndi ana a tombolombo.

Tizilomboti timanena zimene botolo la madzi silinganene. Botolo limakuuzani za mphindi imene mwatunga, pomwe kachilombo kakhala m'madzimo miyezi. Ngati wina amataya zoipa usiku, masana madzi akhoza kuoneka oyera, koma mayfly ndi stonefly, zomwe zimafuna madzi a okosijeni wambiri, mudzapeza mulibe. Mwatsala nyongolotsi, misundu ndi timphutsi tofiira. Ku South Africa anakonza njira yosavuta yotchedwa miniSASS, yogawa tizilombo m'magulu 13, yoti ngakhale ana a sukulu akhoza kuitsata.

Koma nditulutseko chakukhosi, chifukwa mukufuna kusiya ntchito yokhazikika. Ntchito zambiri za mbali ino ndi za mapulojekiti, zaka ziwiri kapena zitatu basi. Ine ndinayeza malo omwewo kwa zaka zitatu, mwezi ndi mwezi. Ndalama zitatha tonse tinabalalika. Nditabwerera kukapempha manambalawo, ndinauzidwa kuti kompyuta inawonongeka ndipo palibe anasunga pena. Mtsinje umasintha pang'onopang'ono, phiri lowonongeka limafuna zaka zambiri kuti lichire, koma kontirakiti imatha mitengo isanafike m'chiuno. Zimenezi zimandipweteka kuposa malipiro ochepa.

Chisomo
A Limbani, pepani, zimenezo zationekera ambiri. Mwandikumbutsa Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009. Maphunziro ake anali a zandale, ndipo kafukufuku wake woyamba anali wa mmene ogwiritsa ntchito madzi apansi pa nthaka kummwera kwa California anagwirizanirana kuti asawamalize. Anaonetsa kuti chuma cha onse chimasamalika nthawi yaitali pamene eni ake akutenga nawo mbali popanga malamulo, ndipo akuyang'anira okha. Mwina manambala anu aja akanakhalanso m'kabuku ka komiti ya anthu a pamalopo, bwenzi alipo.

Tadala
Ndathokoza nonse, sindinayembekezere zochuluka chonchi. A Mphatso, mwanditsegula maso: ndinkaona ngati zimene ndinaphunzira ndi chopinga. Sindisiya ntchito panopa. Ndiyamba ndapempha kuthandiza kusunga mabuku a gulu lathu lomweli, ndifufuze kosi ya GIS, ndipo Loweruka tikayesa za beseni zija. A Chisomo, tinali titakonza zodzala mitengo mvula ikayamba, ndipo kunena zoona palibe anafunsa kuti ndi mitengo yanji. Ndikutumizirani mayina ake tisanagule. Bambo Mwale, kamtsinje kathu kalibe geji. Kodi munthu wamba angayambe kulemba yekha, kapena zimenezo ndi za boma zokha?

Bambo Mwale
Ungayambe, mwanawe. Peza chinthu chosasuntha, mwala waukulu kapena chipilala cha mlatho, ndipo ngati ndi mlatho upemphe kaye kwa eni ake. Lembapo mizere ya masentimita ndi penti, ziro akhale pansi penipeni pamene madzi satsikapo. Uziwerenga pamalo omwewo, nthawi yomweyo, maso ali pafupi ndi madzi, osati utaimirira patali. Lemba tsiku, ola, nambala, mtundu wa madzi, ndiponso ngati usiku kudagwa mvula. Tsiku limene sudapite usiye mpata, usalembe zongoganiza. Mtsinje ukauma ulembe kuti wauma. Madzi akadzaza n'kumathamanga usalowemo, uwerengere pamtunda. Ulembe ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka kabuku kakanyowa, ndipo mwezi ukatha ujambule masambawo pa foni, utumizire anzako awiri.